Musagule penti, funsani komwe galimoto yadutsa

Abale anzanga a mumsika, nkhani ya sabata ino ndi ya inu amene chipereganyu chakugwerani, kapena banki m'khonde yagawana bwino, ndipo mtima wayamba kulozera ku mawilo anayi. Sindikukutsutsani ayi. Munthu amene wakhala zaka ndi zaka akukangana ndi makondakitala pa mtengo wa dengu la tomato, amene wagonapo pa Lizulu kudikira lole yoti imunyamulire kabichi, ali ndi ufulu wolota ka Probox kake. Kale galimoto inali ya bwana wa ku Capital Hill ndi bambo mfumu wa ku parishi. Lero mayi wogulitsa usipa akuimika yake kuseri kwa benchi, ife n'kumaomba m'manja.

Koma tinene mosapsatira. Galimoto imene ife a geni timakwanitsa si yatsopano. Ndi nkhalamba ya zaka 12, 15, ina mpaka 20, imene inatumikira kale mzungu wa ku Birmingham kapena kampani ya ku Osaka, ndipo ikubwera kuno kudzamalizira ukalamba wake pa mabampu a ku Ndirande. Ndalama imene mukuponyapo ndi mpamba wonse, mwinanso ndi ngongole pamwamba. Ikafa injini mwezi wachitatu, si galimoto yokha imene yafa. Geni yafa, fizi ya ana yafa, ndipo wakatapila ayamba kukupatsani moni m'mawa uliwonse.

Chimandidabwitsa n'chakuti inu nomwe amene simugula dengu la tomato musanapise dzanja mpaka pansi, inu amene mumanunkhiza chambo ndi kusuzumira m'makha mwake, mukafika pa galimoto nzeru zonse zimathawa. Mumayang'ana penti, mumayatsa wailesi, mumamenya tayala ndi phazi ngati likuyankhani, basi mwakhutira. Dobadoba naye nyimbo yake ndi imodzimodzi kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje: ati mwini wake anali gogo wachizungu, ankangopitira ku tchalitchi Lamulungu. Koma abale, agogo amenewa alipo angati ku Ulaya? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti galimoto yochokera kunja imakhala ndi khadi lake la kusikelo. Amayi mukundimva bwino apa. Mwana mukapita naye kusikelo mwezi ndi mwezi, anamwino amalemba kulemera kwake, ndipo mzere uja ukamakwera mumadziwa kuti zinthu zili bwino. Ukatsika, kapena miyezi ina ikadumphidwa, pali nkhani. Magalimoto nawonso m'maiko amene timagulako amayezedwa nthawi ndi nthawi, ndipo zotsatira zimasungidwa. Pepala limodzi lonena kuti yakhoza mayeso silikuuzani zambiri. Koma mukandandalika mapepala a zaka 8 kapena 10, mumaona khalidwe la mwini wake, mtunda weniweni umene yayenda, ndi matenda amene yakhala ikudwala.

Tiyambe ndi za ku Mangalande, zija timati ma ex-UK. Kumeneko kuli mayeso otchedwa MOT, mbale wake wa COF yathu ya ku Road Traffic. Anayamba mu 1960, ndipo poyamba ankangoyeza magalimoto amene akwanitsa zaka 10, kuona mabuleki, magetsi ndi chiwongolero basi. Pofika 1967 zakazo zinatsitsidwa kufika pa zitatu, ndipo mpaka lero ku England, Scotland ndi Wales galimoto ikakwanitsa zaka zitatu imayenera kukayezedwa chaka ndi chaka. Kuyambira 2005 zotsatira zake zimalowa mu kompyuta ya boma, ndipo aliyense, ngakhale ali pa Zigwagwa kapena pa Mbayani, akhoza kuziona pa foni osalipira kanthu kupatula ka bandulo. Chofunika ndi nambala puleti ya ku UK yokha. Mulowe pa gov.uk, mufufuze mawu akuti check MOT history, mulembe nambalayo. Nambala imeneyi imapezeka pa mapepala amene galimoto inabwera nawo, ndipo wogulitsa wachilungamo amakupatsani osachita kukanda m'mutu.

Choyamba kuyang'ana ndi mtunda. Pa mayeso alionse amalemba zimene mita ikuwerenga tsiku limenelo. Manambalawo ayenera kukwera chaka ndi chaka ngati mzere wa kusikelo uja. Ndipo musaiwale kuti azungu a kumeneko amawerenga mamailosi, osati makilomita. Mailosi imodzi ndi makilomita 1.6, ndiye galimoto yoonetsa 100,000 yayenda kale makilomita 160,000. Madobadoba ena amangoti "handirede sauzande yokha bwana", osatchula kuti ya chiyani.

Mayi wina amene ndimagulako nyemba anandibweretsera nambala ya galimoto imene ankafuna kulipira Loweruka lake lomwelo. Inali yowala ngati yochokera m'pepala, mipando yonunkhira, mita ikuonetsa 88,000. Titalowetsa nambala ija pa foni, tinapeza kuti pa mayeso ake omaliza ku UK inali itadutsa kale 150,000, ndipo zaka zitatu za m'mbuyo mwake manambala ankakwera bwinobwino kulowera komweko. Ndiye kuti galimoto inakwera sitima ili nkhalamba, n'kutsika pa doko ili mtsikana. Wogulitsa atafunsidwa anati kompyuta ya azungu imalakwitsa. Inde, woyeza akhoza kuphonya chala n'kulemba nambala yolakwika kamodzi, ndipo mumaizindikira chifukwa imakhala yokha pakati pa zinzake zolongosoka. Koma kulakwitsa zaka zinayi zotsatizana, molondola chonchija? Mayiwo anabweza ndalama zawo m'chitenje.

Chachiwiri ndi zolephera. Apa ambiri amathawa akangoona mawu ofiira akuti fail, pamene nkhani siili pamenepo. Galimoto ikhoza kulephera chifukwa cha babu lakupsa kapena labala la waipa, mawa lake n'kukhoza. Zimenezo si matenda, ndi chimfine. Kuyambira pa 20 May 2018 zolakwika amazigawa patatu: dangerous, kutanthauza kuti isayendenso pamsewu mpaka itakonzedwa, major, imene imalepheretsa mayeso, ndi minor, imene imakhozabe koma iyenera kukonzedwa. Pansi pake pamakhala timawu tochenjeza totchedwa advisory, ndipo ine ndimati mtima wa nkhani uli pamenepo. Woyeza amalemba kuti tayala ili latsala pang'ono kutha, oilo akudontha apa, paipi ya mabuleki yayamba dzimbiri. Mwini wake sakakamizidwa kukonza. Tsono mukaona chenjezo lomwelo likubwera chaka chino, chaka chamawa, ndi chinacho, mwadziwa mtundu wa munthu amene anali nayo: ndi uja amadikira kuti denga ligwe ndiye akagule msomali. Ngati ankanyalanyaza zimene zalembedwa pa pepala la boma, mukuganiza kuti oilo wa mu injini, amene palibe amamufunsa, ankasintha pa nthawi yake? Pamene galimoto ina mumaona chenjezo chaka chino, chaka chamawa lasowa. Imeneyo inali m'manja mwa munthu wosamala, ngakhale itakhala kuti yayenda mtunda wautali kuposa inzake.

Pali mawu amodzi amene ndikufuna muwaloweze ngati nambala ya foni ya mwana wanu: corroded, kapena corrosion. Ndi dzimbiri limenelo. Ku UK nthawi yozizira amathira mchere m'misewu kuti madzi asaundane, ndipo mcherewo umadya galimoto kuchokera pansi, kumene penti yowala ija sikufika. Malamulo a MOT amati dzimbiri loopsa likapezeka mosapitirira masentimita 30 kuchokera pamene pamangiriridwa zinthu ngati mashoko, chiwongolero kapena lamba wa pampando, galimoto yalephera. Mukaona mawu amenewa ali pafupi ndi subframe, sill kapena chassis, makamaka pa mayeso omaliza isanakwere sitima, dzifunseni chifukwa chimene mwini wake anaigulitsira.

Pano pafunika nzeru za pamsika. Kunja kuja makaniko amalipiritsa pa ola, ndipo ndi wodula zedi, choncho galimoto ina imatayidwa chifukwa cha zinthu zimene anyamata a ku Biwi kapena ku Ndirande amakonza tsiku limodzi: mabushi, mashoko, ma ball joint, ekizozi yobooka. Yotereyo ikhoza kukhala mwayi wanu, bola mtengo utsike molingana ndi matendawo. Koma chasisi yodyeka ndi dzimbiri ndi nkhani ina. Wowotcherera adzamata chitsulo pamwamba, n'kupaka phula lakuda, koma m'kati mukupitirira kufumbwa ngati nsichi ya chiswe. Ikani matumba a mbatatesi a ku Tsangano pamwamba pa zimenezo, mutsike nayo Khwekhwerere, mudzandiuza.

Mukapeza chaka chodumphidwa, funsani. Cha 2020 chokha musadabwe nacho kwambiri, chifukwa nthawi ya Covid-19 boma la kumeneko linaonjezera miyezi isanu ndi umodzi kwa magalimoto amene mayeso awo ankathera pakati pa 30 March ndi 31 July. Koma zaka ziwiri kapena zitatu zopanda mayeso zikutanthauza kuti galimotoyo inaimikidwa, ndipo galimoto siimikidwa popanda chifukwa. Mwina ngozi, mwina injini, mwina mwini wake anadwala. Ngakhale chifukwa chitakhala chabwino, galimoto yongokhala imaonongeka mwakachetechete: malabala amauma, mabuleki amagwirana, mapaipi amang'aluka. N'chifukwa chake ine sindinjenjemera ndi mita yotsika kwambiri pa galimoto ya zaka 18.

Tsopano gwirani apa, chifukwa ndi pamene anthu ophunzira amagwera. MOT siyeza ngati injini ili ndi moyo, siyeza kilatchi, siyeza giyabokosi. Boma lawo limanena lokha poyera zimenezi. Woyeza amaona utsi, inde, koma samasula kanthu, ngakhale chipulasitiki chotchinga kunsi sachichotsa. Ntchito yake ndi kuona ngati galimotoyo singaphe anthu pamsewu tsiku limenelo, osati ngati idzakufikitsani ku Jenda ndi kubwerako kwa zaka zitatu. Galimoto ikhoza kukhoza MOT Lolemba popanda chenjezo ngakhale limodzi, Lachitatu lamba wa taimingi n'kuduka, injini yonse n'kusanduka zitsulo za sikelo. Zinthu zitatu zodula kwambiri pa galimoto ndi zomwezo zimene pepalalo silinenapo kanthu. Choncho mbiri yoipa ndi chifukwa chokwanira chothawira, koma mbiri yabwino ndi chilolezo chongoti mukaitane makaniko.

Nanga za ku Japan, zimene ndi zambiri m'misewu yathu, zija zimatsikira pa Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe? Kumeneko mayeso awo amatchedwa shaken. Galimoto ya banja imayezedwa koyamba ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse. Yonyamula katundu yaing'ono, ngati Probox ya mtundu wa vani, imayamba pa zaka ziwiri, kenako chaka ndi chaka. Mayesowa amayendera limodzi ndi msonkho komanso inshuwalansi, ndipo msonkhowo umakwera galimoto ikadutsa zaka 13. N'chifukwa chake Mjapani amataya galimoto yoti ikadali ndi mphamvu, ife n'kutola. Si kuti amatikonda.

Ku Japan kulibe zongolowetsa nambala pa foni mwaulere ngati ku UK, koma kuli mapepala awiri oti muwafunse. Loyamba ndi export certificate, chiphaso chotulutsira galimoto m'dziko. Kuyambira 2004 oyeza a kumeneko amalemba makilomita pa shaken iliyonse, ndipo pa chiphasochi kawirikawiri pamaoneka manambala a mayeso awiri omaliza ndi masiku ake. Zilembo zake n'zachijapani, koma manambala ndi omwewa timawerengera ndalama. Chokusokonezani ndi zaka, poti iwo amawerenga potsata ufumu wa mfumu yawo. Nyengo ya Heisei inayamba mu 1989, ndiye pa nambala ya Heisei muziphatikiza 1988: Heisei 20, imene ena amalemba H20, ndi 2008. Nyengo ya Reiwa inayamba mu 2019, apo muziphatikiza 2018. Ngati chiphaso chikuti zaka zinayi zapitazo galimoto inali pa makilomita 140,000, lero mita ikuti 75,000, simufunikanso womasulira.

Lachiwiri ndi pepala la ku okushoni, kumene magalimoto ambiri amagulidwa asanatumizidwe kuno. Woyendera amapereka giredi: 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 yatopako, 3 yatopa ndithu, ndipo R ndi imene inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Pamakhalanso chithunzi cha galimoto chokhala ndi zilembo: A ndi pokalika, U ndi pophwanyika molowa m'kati, S ndi C ndi dzimbiri, XX ndi chitsulo chimene chinasinthidwa. Pafupi ndi makilomita mukaona kanyenyezi, ndiye kuti a okushoni eni ake akuti mita inaseweretsedwa. Dzimbiri musaliiwale nakonso, poti kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, kumagwa chipale chofewa kwambiri ndipo misewu amaithira mankhwala a mchere. Mapepala amenewa anthu osaopa Mulungu amathanso kuwapanga pa kompyuta, choncho nambala ya chasisi ya pa pepala muifananize ndi imene yadindidwa pa chitsulo cha galimoto, chilembo ndi chilembo, osati kungoona zitatu zomalizira.

Kunena za Probox, musaiwale kuti Toyota anaipanga mu 2002 kuti ikhale bulu wa makampani, yoyenda tsiku lonse ndi anyamata otsatsa malonda. Ndi yolimba, palibe akukana. Koma Probox ya zaka 14 yoonetsa makilomita 60,000 ili ngati wakabaza wa zaka 50 wonena kuti sanakwerepo chitunda.

Tibwere kwathu kuno, poti ambiri a inu simuitanitsa kunja. Mumagula kwa mnzanu amene waiyendetsa kale zaka zinayi pa Malawi pano. Apa khadi la kusikelo lija limakhala litaduka. Ka COF ka pa galasi kamangonena kuti tsiku loyeza zinthu zinali bwino, ndipo tonse tikudziwa eni magalimoto ena amene amabwereka matayala kwa mnansi m'mawa, madzulo n'kukabweza. Tikudziwanso mmene timasenzetsera. Probox inalembedwa kuti inyamule makilogalamu 400, amene ndi matumba 8 a chimanga, koma ndani wa ife anaimapo pa 8? Chaka chimodzi cha geni pa misewu yathu chimadya galimoto kuposa zaka zingapo za ku Nagoya. Ndiye pa yotereyi mbiri ya kunja ndi chiyambi chabe. Funsani mapepala akale a COF, malisiti a masipeya, ndi dzina la makaniko amene wakhala akuigwira, mukacheze naye mwini galimoto palibe. Dzina la pa bluu buku lifanane ndi la pa chitupa cha amene akulandira ndalama. Zoti "ndi ya achimwene ali ku Joni" zaliza anthu ambiri.

Makaniko wokayeza akhale wanu, wolipidwa ndi inu, osati amene wakuitanirani dobadoba. Mupite m'mamawa injini isanadzutsidwe, muigwire kaye ngati ndi yozizira, chifukwa injini yodwala imabisa matenda ikatenthedwa. Ikaliza, imani kumbuyo muone utsi. Wobiriwira ngati wa ndudu ndiye kuti ikudya oilo. Tsegulani chotsekera oilo, mukapeza zoyera ngati chambiko pamenepo, n'kutheka kuti madzi akusakanikirana ndi oilo, gasiketi yapita. Ngati injiniyo ndi ya lamba wa taimingi osati tcheni, funani chomata chosonyeza makilomita amene anasinthira, poti ambiri amafuna kusinthidwa pa 100,000. Ikwereni pa chitunda, muli anayi m'kati, mumve ngati giya ikulowa mosagwedeza. Kenako pa dzenje, makaniko alowe pansi ndi tochi ndi sikuludiraiva, azibaya paliponse pamene papakidwa phula latsopano.

Matayala nawo ali ndi tsiku lobadwa. M'mbali mwake muli manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka: 2314 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2014. Zambiri za ku Japan zimabwera ndi matayala a nyengo yozizira, ofewa, ooneka a mano ambiri, koma pa phula lotentha la ku Chikwawa mu October sachedwa kutha. Muwerengere mtengo wa matayala anayi musanagwirizane mtengo wa galimoto.

China chimene palibe pepala la ku London kapena ku Tokyo lingakuuzeni ndi ichi: kodi ikadwala, mankhwala ake alipo kuno? Musanalipire, zungulirani m'mashopu a masipeya mufunse mitengo ya zinthu zitatu, nyali yakutsogolo, mashoko ndi giyabokosi. Akakuyankhani atatu mwa asanu, gulani. Akamayang'anizana n'kumati "tikhoza kuitanitsa", dziwani kuti galimoto yokongola ya ku Ulaya ija, ya MOT yoyera ngati ufa woyera, idzakhala pa njerwa miyezi inayi kudikira kasensa kamodzi, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala.

Pempho langa kwa akuluakulu a ku Road Traffic n'lakuti, poti zinthu zawo zinalowa kale mu kompyuta ya MalTIS, atiganizireko ife ogula. Tsiku lina zidzatheke kuti mayi wa pa msika wa Limbe alembe nambala puleti pa foni yake, aone COF zonse zimene galimoto yadutsamo ndi makilomita ake, ngati mmene achitira anzathu ku UK. Podikira tsikulo, inu amene muli nayo kale galimoto gulani kope la ana asukulu, muzilemba tsiku, makilomita ndi chimene mwasintha, malisiti muzimata momwemo. Tsiku logulitsa, kope limenelo lidzakuonjezerani mtengo.

Sabata yamawa tikambirana za inshuwalansi, makamaka inu amene mumanyamula anzanu pa malipiro pobwera kopikula.